Chipata cha Bango m'Ndakatulo ya Rubadiri

Ndakatulo ya David Rubadiri (1930–2018) yotchedwa "Stanley Meets Mutesa" imaphunzitsidwa kawirikawiri ngati mbiri chabe ya ulendo wa Henry Morton Stanley, amene adafika kwa Kabaka Mutesa I wa ku Buganda mu 1875. Kuphunzitsa kotero nkusenda nthochi nkutaya chakudya. Mlakatuliyu sadalembe mbiri, pakuti Mzungu woyamba kuonana ndi Mutesa adali John Speke, mu 1862.

Mphamvu ya ndakatuloyi yagona pa kulozera kwake. Ndime yoyamba, m'kayendedwe ka mawu ndi m'kandandalikidwe ka mavuto a pa njira, ikutikumbutsa "Journey of the Magi" ya T.S. Eliot ya mu 1927, yosimba za anzeru a kum'mawa a pa Mateyu 2. Koma taonani mlowam'malo. Kwa Eliot woyankhula ndi mmodzi wa apaulendowo, ndipo akunena za "ife". Rubadiri akunena za "iwo". Iye waima pambali, ndipo maso ake ali pa amtengatenga ovala sanza, olefuka ndi dzuwa ndi udzudzu, amene akugwa m'njira. Womasulira m'Chichewa asasokoneze "tida-" ndi "ada-" pamenepa. Akatero wapha ndakatulo yonse.

Kulozerako kwatembenuzidwanso pa mathero. Anzeru aja adagwadira mfumu nabwerera kwawo mitima itasinthika. Kuno mlendo sakugwada, ndipo chimene chisinthike ndi dziko la mfumu yomulandirayo. Malowo Rubadiri adawadziwa bwino, popeza adaphunzira ku King's College, Budo, pa phiri lolongera mafumu a Buganda, kenaka ku Makerere. Nchifukwa chake minda ya nthochi, ng'oma ndi mpanda wa bango sizokometsera chabe. Mfumu yayitali ikulonjera Mzungu woonda m'Chiswahili, chiyankhulo chimene chidabwera ndi amalonda a ku gombe: alendo ena adali atalowa kale.

Ena amati Mutesa akuonetsedwa ngati wopusitsidwa. Ife sitikuona choncho. Ulemu wake ndi wathunthu, ndipo mlakatuli sakumudzudzula. Chimene chikuopsa ndi chipata chija chikutsekeka mlendo ali m'kati. Kalata ya Stanley yoitana amishoni idasindikizidwa ku London chaka chomwecho, ndipo a Church Missionary Society adafika ku Buganda mu 1877.