Kodi Chilatini Chingathetse Chisokonezo cha Mlendo pa Misa?

Pali ganizo lina limene limamveka kaŵirikaŵiri pakati pa ansembe ndi akhristu athu amene adakhalako ku Ulaya, lakuti chisokonezo chimene mlendo amachipeza pa Misa m'dziko la eni chikadapeŵeka Eklezia akadasunga Chilatini ponseponse. Amati kale mkhristu wa ku Mua kapena ku Nguludi ankatha kugwada m'tchalitchi cha ku Dublin nadzimva ngati ali kwao. Ganizoli lili ndi maziko ake. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa Vatican, m'chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha 1963, potsekulira khomo zinenero za anthu udalamulanso kuti akhristu azitha kunena kapena kuimba pamodzi m'Chilatini zigawo za Misa zimene zili zao. Mu 1974 Papa Paul VI adatumizira aepiskopi kabuku ka nyimbo kotchedwa Jubilate Deo ndi cholinga chomwecho.

Komabe ganizoli likupaka mankhwala pamene palibe bala. Mau achilendo sapweteka mlendo kwenikweni, pakuti ndondomeko ya Misa amaidziŵa kale, ndipo amazindikira pamene afika ngakhale asamve liu limodzi. Chimene chimamukhumudwitsa ndi chimene akuganiza kuti wachimva.

Taganizani za Mcheŵa amene waphunzira Chifalansa pang'ono, naloŵa m'tchalitchi ku Lyon. Adaphunzitsidwa kuti tu ndi "iwe" ndipo vous ndi "inu". Tsono akumva mpingo wonse ukutchula Mulungu kuti tu, monga achitira Akatolika a Chifalansa m'pemphero la Atate Athu chiyambire 1966. Kwa munthu amene sangayerekeze kunena "iwe" kwa apongozi ake, nanji kwa Namalenga, ichi ndi chipongwe. Koma Mfalansayo akuonetsa chikondi cha mwana kwa atate ake, monganso Mjeremani ndi du wake. Ku Lisbon, kapena ku Tete komwe kuno, mlendo yemweyo mtima ukhala pansi, chifukwa Chipwitikizi chidasunga vós. Chingerezi ndiye chidasokoneza zinthu koposa: thou, amene lero amamveka ngati mau aulemu waukulu, kale adali mau oitanira mnzako kapena mwana. Ndipo ofuna Chilatini asaiŵale kuti m'chinenero chimenecho Mulungu ndi tu basi. Makolo athu sadakhumudwe nacho chifukwa sankachimva, ndipo kusamva si umodzi.

Nkhani imakula tikafika pa thupi. M'maparishi ambiri kwathu, wansembe akakweza Thupi la Ambuye, anthu amaomba m'manja mwakachetechete ndi manja ofumbata, monga achitira pamaso pa mfumu, ndipo pa zikondwerero amai amaliza nthungululu. Ku England kuomba m'manja nkoyamikira woimba kapena wochita seŵero. Mai wathu akaomba m'manja pamenepo, oyandikana naye amamcheukira ngati wasandutsa nsembe kukhala chionetsero, chikhalirecho iye ndiye wapereka ulemu woposa. Nayenso amaŵaweruza molakwa. Akaona Misa yatha ola lisanakwane, anthu osagwedezeka poimba, mbale ya chopereka ikungoyenda m'mipando popanda mdipiti wopita kuguwa, amati chikhulupiriro chidafa kuno. Sadziŵa kuti kwa ambiri a iwo bata ndilo kugwada kwa mtima. Pamenepa aŵiri onsewo alakwirana, ndipo Chilatini sichikadanenapo kanthu. Zotsatira zake nzoŵaŵa, pakuti ena mwa abale athu, atatopa ndi kucheukiridwa, amaleka Misa napita kumene angapemphere osachita manyazi.

Likulu la Eklezia ku Rome lidavomera kale kuti ulemu ulibe maonekedwe amodzi. Mu 1969 lidalola Akatolika a ku India kuvula nsapato, kukhala pansi pa Misa, ndi kuŵerama atagwirizanitsa manja m'malo mogwada ndi bondo limodzi. Mu 1988 lidavomereza mwambo wa Misa wa madayosizi a Zaire, dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo. M'mwambo umenewo anthu amakhala pansi pomvera Mthenga Wabwino, chifukwa wamkulu akamalankhula mwana saimirira. Ndipo mwambo wolapa ndi wopatsana mtendere umadza pambuyo pa ulaliki. Papa Francis adatsogolera Misa yotere m'tchalitchi cha Petro Woyera pa 1 December 2019. Mzungu wosadziŵa akadaona anthu ali chikhalire pa Mthenga Wabwino, akadati ndi ulesi. Ife tikadaona mwambo wa kwathu kubwalo la mfumu.

Choncho mlandu sindikuuika pa zinenero, koma pa maphunziro athu. M'seminale timatha zaka tikuphunzira tanthauzo la mau a Misa, koma tanthauzo la manja, maondo ndi bata timaliyesa lodziŵika kale. Wansembe amene akudalitsa mkhristu wopita ku Leeds kapena ku Johannesburg amampatsa kalata yotsimikiza za ubatizo ndi ukwati wake. Akadaonjezapo mphindi khumi zomuuza kuti kumeneko adzapeza anthu opemphera ali duu, ndi kuti dzanja lake lamanzere logwira mkono wamanja popereka moni wa mtendere ena adzalifunsa ngati lapweteka.