Kunena kuti munthu waledzera osamuyalutsa

Padoko la asodzi ku Chia kapena pamsika wa Dwangwa, wodziwa kucheza sathamangira kunena kuti wakutiwakuti waledzera. Limenelo ndi liwu la pabwalo la milandu. Amati akhuta. Mowa wasanduka chakudya, ndipo bambo amene akudzandira uku akukankha njinga, mulu wa usipa ukulendewera pachiwongolero, asiyiridwa ulemu wawo, pakuti kukhuta si mlandu. Ku Nkhotakota, kumene Chisilamu chinazika mizu kuyambira pa Jumbe Salim bin Abdullah cha m'ma 1840, kuphimba kotere kuli ndi ntchito. Ana ali pomwepo, apongozi akumva.

Achinyamata amati wayaka. Liwuli n'lochangamuka, limagwira maso ofiira ndi mawu okwera, koma limathera pabotolo lachiwiri. Loposa onse kwa ine ndi lakuti ali thapsa. Silifotokoza kanthu, limangomveketsa: milomo imatsekeka pakati pa liwulo, mpweya n'kuphulika, ngati ukonde wonyowa auponya pamchenga. Wolinena bwino amayamba wakhala chete pang'ono, kenako n'kuligwetsa. Akalifulumiza, palibe amaseka.

Mawu ena anabwera m'masutikesi a matchona. Chidakwa ndi isidakwa ya Chindebele ndi Chizulu, yochokera ku Bulawayo ndi kumigodi ya ku Joni, kumene Wenela inkatengera anthu, ulendo umene boma linauimitsa kwa kanthawi mu 1974. Babalazi anadzera njira yomweyo, ngakhale matsire tinali nawo kale, ndipo matsire ndiye amamveka kulemera kwa mutu m'mawa. Kachasu yemwe ndi cachaça ya Apwitikizi, yokwera ndi mtsinje wa Zambezi. Koma chidakwa sindilikonda. Mulibe nthabwala, ndi chigamulo. Kukhuta kumatha kukacha, uchidakwa umam'mamatira munthu mpaka pamaliro ake.

Mowa wa m'masacheti, womwe boma linaletsa mu 2015, unaledzeretsa ambiri koma sunatisiyire mawu okoma. Sindidabwa. Mawu amenewa amapekedwa pamene chipanda cha masese chikuzungulira, wina akuyang'ana mnzake akulephera kudzuka pampando, wachitatu n'kupeza dzina la zimene onse akuona. Sacheti munthu ankaing'amba ndi mano kuseri kwa golosale, n'kuimeza ali yekha.