Maso Adakhuta, Mtima Udagona ndi Njala

M'mwezi wa July chaka cha 1982, kampani ya Disney ku America idatulutsa filimu yotchedwa Tron, imene adaitsogolera Steven Lisberger. Nkhani yake ndi ya katswiri wa makompyuta amene makina adammeza ndi kumponya m'dziko la m'kati mwa kompyutamo, kumene adamkakamiza kuchita masewera oika moyo pachiswe. Anthu amene adapita kukaonerera adaona zimene maso awo anali asanaonepo: njinga zamoto zosiya makoma a kuwala m'mbuyo mwake, zikuthamanga pa bwalo la mizeremizere lopanda dothi, mtengo kapena mtambo. Njingazo sizidasulidwe ndi chitsulo, sizidajambulidwe ndi burashi, zidachokera m'manambala. Mmene anthu adailandirira filimuyi ndi nkhani yoyenera kuisinkhasinkha, makamaka lero pamene zithunzi zopangidwa ndi makina zangoti mbwee paliponse.

Kompyuta inali itayamba kale kusuzumira m'kanema. Mu Westworld, filimu ya mu 1973, oonerera adaonetsedwa dziko monga lidaonekera m'maso mwa loboti, nkhope za anthu zitasanduka timabokosi ting'onoting'ono. Mu Star Wars ya mu 1977, Larry Cuba adajambula ndi kompyuta mizere yosonyeza njira yokaphulitsira linga la adani. Mu June 1982, Star Trek II idaonetsa kwa mphindi imodzi dziko lakufa likuyaka moto kenaka ndi kumera msipu. Zonsezi anthu adazilandira mosavuta, pakuti m'nkhanimo zinali zithunzi zimene makina akuona kapena kuonetsa, ndipo zikangotha oonerera ankabwerera kwa anthu anzawo. Tron idapempha chinthu chachikulu koposa: kuti munthu alowe m'makinamo ndi kukhalamo pafupifupi filimu yonse.

Maganizo adagawikana. Roger Ebert, wolemba za mafilimu wa ku Chicago, adaitamanda kwambiri, pamene anzake ena adati zithunzi nzokongola koma nkhani njozizira. Filimuyi idadya madola pafupifupi 17 miliyoni ndipo idabweza pafupifupi 33 miliyoni ku America, phindu losafika pamene eni ake ankayembekeza. Achinyamata ambiri adathamangira masewera a pa makina otchedwanso Tron, kumene ankayendetsa okha njinga zija. Ndipo pa mphotho za Oscar, filimuyi siidaikidwe ndi komwe pa mndandanda wa zithunzi zodabwitsa. Lisberger adafotokoza pambuyo pake kuti oweruza adaona ngati kugwiritsa ntchito kompyuta kunali kubera.

Mlandu wa kuberawu unali wosalungama. Mwa filimu yonse, zimene kompyuta idajambula zinali za mphindi 15 kapena 20 chabe, ndipo ntchitoyo adagawana makampani anayi. Makina a nthawi imeneyo sankatha kuyendetsa chithunzi paokha. Kuti njinga ikhote, munthu ankawerengera malo ake pa chithunzi chilichonse, zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo manambalawo ankalowetsedwa ndi zala. Nanga zovala zowala zija zimene ambiri adaziyesa zozizwitsa za kompyuta? Ochita sewero adajambulidwa mu zithunzi zakuda ndi zoyera, kenaka chithunzi chilichonse chidakulitsidwa ndi kukonzedwa ndi manja kuti kuwala kwa mitundu kudutse m'malo oyenera, ndipo gawo lalikulu la ntchito yotopetsayi lidagwiridwa ndi amisiri a ku Taiwan. Tsono amene adati makina achita zonse adaiwala thukuta la anthu amene adali kuseri kwa makinawo.

Kuti maso a oonerera sankatha kusiyanitsa, umboni wake ndi Escape from New York ya mu 1981. Poona kuti kompyuta njodula, okonza filimuyi adatenga kachifanizo ka mzinda, namata tepi yowala m'mphepete mwa nyumba zake, najambula mu mdima. Anthu adakhulupirira kuti akuona mapu a kompyuta. Dzanja lidatamandidwa m'dzina la makina, monga momwe mu Tron lidanyozedwera m'dzina lomwelo.

Komatu kuzizira mtima kwa anthu wamba kunali ndi chifukwa chomveka, ndipo apa sitingawadzudzule. M'nyengo yomweyo ya 1982 mudatuluka E.T. ya Steven Spielberg. Mlendo wa kumwamba wa m'filimuyo chinali chidole chimene adapanga Carlo Rambaldi, chamakwinya, chosakongola konse. Koma anthu akuluakulu adatuluka m'nyumba za kanema akupukuta misozi, chifukwa adaona kamwana kosowa bambo kakupeza bwenzi ndi kutsazikana nalo. E.T. ndiyo idalandira mphotho ija ya zithunzi zodabwitsa. Mu Tron nkhope za anthu nzotuwa, zotsekeredwa m'zipewa, ndipo wina akafa amangozima ngati nyali, oonerera osamva kuti pagwa maliro. Okonza filimuyi adaika nzeru zawo zonse pomanga dziko latsopano, koma sadasamale mokwanira za amene akakhalemo. Oweruza adaiwala munthu wa kuseri kwa makina. Okonza adaiwala munthu wa patsogolo pa kamera.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alipo amene adakazindikira kalumoko. John Lasseter, amene panthawiyo ankajambula makatuni ku Disney, ataona njinga zija adatsimikiza kuti tsogolo lagona pamenepo. Mu 1995 adatulutsa Toy Story, filimu yaitali yoyamba kujambulidwa yonse ndi kompyuta, ndipo anthu adaikonda chifukwa cha chidole chimene chikuchita nsanje poona kuti mwini wake wakonda china. Ken Perlin, amene adagwira nawo ntchito ya Tron, sadakhutire ndi kusalala kwa zithunzizo, choncho adapeza njira ya masamu yoikira mabanga ndi makwinya pa zinthu kuti zifanane ndi za chilengedwe. Bungwe lomwe lija la Oscar lidampatsa mphotho ya luso mu 1997. Ngakhale mu Jurassic Park ya mu 1993, zilombo za kompyuta zidaoneka kwa mphindi pafupifupi 6 zokha, ndipo mantha a oonerera adakula chifukwa m'galimoto munali ana awiri.

Kudabwa sikukhalitsa. Mwana wa lero akaona njinga za mu Tron sangatsegule pakamwa monga adachitira a mu 1982, koma E.T. ikhoza kumliza ndithu. Choncho, awerengi okondedwa, chithunzi chatsopano chikatithobwa m'maso, tisafulumire kuchigwadira kapena kuchitcha chinyengo. Tiyambe tafunsa kuti ndani adakhetsa thukuta kuti chioneke, ndiponso ngati m'kati mwake muli wina amene tingamumvere chisoni.