Zitseko za ku Zanzibar ndi Nzeru ya Mmisiri Wodziwa Posiyira

Mwa mizinda yonse yakale imene idakula ndi malonda m'mbali mwa nyanja yamchere ya kum'mawa kwa Africa, monga Lamu, Mombasa, Kilwa ndi Bagamoyo, palibe umene udaika ulemerero wake pa chitseko kuposa mzinda wa pa chilumba cha Unguja ku Zanzibar, umene eni ake amautcha Mji Mkongwe, pamene alendo amaudziwa ndi dzina loti Stone Town. Nyumba za mumzindawu n'zazitali, zomangidwa ndi miyala ya m'matanthwe a m'nyanja yogwiriziza ndi laimu. Ndipo popeza makoma ake akunja, makamaka a nyumba za Aluya a ku Oman, ngosalala ndi opanda chokometsera, munthu woyenda m'tinjira take topanikizika, mmene galimoto silingalowe, sakadasiyanitsa nyumba ya mwinichuma ndi ya munthu wamba pakadapanda chitseko. Pakhomo ndi pamene mwininyumba ankaonetsera dzina lake, chipembedzo chake ndi kukula kwa chuma chake; ndipo anthu a kumeneko amasimba kuti womanga ankayamba wapangitsa chitseko, makoma n'kumadza pambuyo.

Chumacho chidadza ndi mphepo. Kuyambira cha mu Disembala imaomba kaskazi, imene inkakankha zombo zamatanga kuchokera ku Arabia, Persia ndi India. Ikafika Epulo imatembenuka kukhala mphepo ya kusi, n'kuzibweza kwawo zitadzala. Pamene Seyyid Said, Sultan wa ku Oman, adasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kudza ku Zanzibar cha m'ma 1840, minyanga ya njovu, mbewu yonunkhira ya karafuu ndi akapolo zidasandutsa mzindawu kukhala msika waukulu wa gombe lonselo, ndipo amisiri osema adapeza owalemba ntchito amene sankaumira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene afuna kulimvetsa lusoli aime kaye pa chitseko cha mtundu wakale, chija cha ngodya zinayi chopanda uta pamwamba. Chakale kwambiri mwa zimene zidalembedwa chaka ndi cha 1694. Choyamba chimene diso lodekha lidzapeza n'chakuti zitseko ziwiri zenizenizo, zimene zimatseguka ndi kutsekeka, mmisiri sadazizokote konse: ndi matabwa oimirira, osalala, opyozedwa ndi mizere ya misomali ya mitu ikuluikulu, imene ntchito yake ndi kugwira matabwawo ku mitanda yopingasa ya kumbuyo. Luso lonse adalithira pa mphuthu ziwiri za m'mbali, pa mphuthu ya pamwamba, ndi pa mtanda wapakati umene umabisa mpata pamene zitseko zikumana. Adachita monga woumba mbiya amene amalemba zokometsera pakhosi pokha, nasiya mimba ya mbiya yosalala. M'menemo ndi mmene ine ndimaona nzeru yaikulu ya lusoli, pakuti malo osalalawo ndi amene amapumitsa diso, kuti likafika pa zozokotazo lizione bwino; ndipo mbali zimene zimakhudzidwa ndi manja, mapewa ndi akatundu tsiku ndi tsiku zidasiyidwa zopanda kanthu koti n'kubenthuka.

Tsono zozokotazo zili ndi dongosolo lake, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Patsinde pa mphuthu pamakhala mafunde ndi nsomba, ndipo nsombayo amisiri a mibadwo yotsatana adanka naisandutsa pang'onopang'ono, kufikira pa zitseko zina idafanana ndi chinanazi. Kuchokera apo pamakwera maluwa a kakombo, masamba a kanjedza ndi nthambi za mtengo wa lubani, zobwerezabwereza mwa muyeso umodzi kufikira pamphuthu ya pamwamba, pamene pali maluwa ozungulira oyalana, ndi pakati pake mawu a m'Korani olembedwa m'Chiluya, nthawi zina pamodzi ndi dzina la mwininyumba ndi chaka. Kunja kwa zonsezi kumazungulira unyolo wosemedwa mumtengo momwemo. Mmisiri ankagoba mozama, m'mphepete mwa duwa lililonse n'kusiya mwakuthwa, ndipo sadachite izi mwachibwana ayi: m'kanjira kopanikizika dzuwa limangolowa kanthawi kochepa, kuchokera pamwamba, kotero kuti chimene chimaonetsa duwa ndi mthunzi wogwera m'maenje ake. Chozokota chosaya chikadazimirira mumdima wa kanjirako. Iye ankasema akudziwa kumene chitseko chake chikaime, ndiponso kuti wochiona adzakhala pafupi, mwina atakhala pa baraza, mpando wamiyala uja womangidwa m'mbali mwa khomo. Mitengo yake nayo adaisankha yolola tchizulo koma yosagonja msanga ku chiswe ndi chinyontho cha mchere: teak wochokera ku India, mvule wa kumtunda, ndi mfenesi wa pachilumba pomwepo.

Zinthu zidasintha m'masiku a Sultan Barghash, amene adalamulira kuyambira 1870 mpaka 1888, ndipo asadalowe ufumu adakhalapo ku Bombay atapirikitsidwa kwawo. Zimene adaona kumeneko zidamukhala mumtima. Zitseko za m'nthawi yake zidavekedwa uta pamwamba pa mphuthu, utawo n'kudzazidwa ndi mipesa yopiringizana, masamba ndi maluwa osefukira. Misomali ija idasanduka zisonga zamkuwa zonyezimira, zimene amati ku India zinkaletsa njovu zankhondo kugumula zipata, koma pa Unguja zidangokhala chizindikiro cha ulemu. Pachimake pa mtundu umenewu ndi zitseko za Beit al-Ajaib, nyumba yachifumu imene adaimanga mu 1883, yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi. Sindingakane kuti dzanja la amisiri a nthawiyo lidali lakuthwa koposa. Mpesa wawo umapindika ngati wamoyo, ndipo tsamba limakwera pa linzake popanda kusokonezeka. Komabe ndiyenera kunena poyera kuti mtima wanga uli pa zitseko zakale zija. Pamene uta udadzaza ndipo zisonga zidachuluka, diso lidasowa popumira, ndipo mawu opatulika, amene kale ankalamulira mphuthu yonse, adayamba kupikisana ndi masamba. Amalonda Achimwenye a ku Gujarat adali ndi chitseko chawochawo cha m'masitolo, chogawidwa m'timabwalo ting'onoting'ono ndi chopindika, chimene kukongola kwake kuli m'kulumikiza matabwa molondola. Chimenechonso ndimachilemekeza, chifukwa sichidzikuza kuposa ntchito yake.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Unyolo wozungulira mphuthu uja ena amati ndi chizindikiro cha chitetezo, chomanga zoipa kuti zisalowe m'nyumba, ndipo ena amati unkasonyeza kuti mwininyumba ngwogulitsa anthu. Tanthauzo lake likhale lililonse, ife a kuno kunyanja ya Malawi sitingauyang'ane ndi mtima wozizira, pakuti kuyambira m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota, anthu a kwathu ankaolotsedwa nyanja m'zombo, nayendetsedwa pansi miyezi yathunthu kufikira ku Kilwa, ndipo ambiri a iwo adakathera pa msika wa ku Zanzibar, umene udatsekedwa mu 1873, pamalo pamene lero paima tchalitchi chachikulu cha Anglican. Chimodzi mwa zitseko zotchuka mumzindawu ndi cha nyumba ya Tippu Tip, amene adalemera ndi minyanga ndi akapolo, namwalira mu 1905. Wolemba za luso amene angatamande maluwa a pakhomo limenelo osatchula misozi imene idawalipira, wanena theka la choonadi. Ndipo pali china chondipweteka: mphuthu zambiri zimatiuza amene adagula chitseko, koma za amene adagwira tchizulo ndi nyundo miyezi yonseyo, zimangokhala chete.

Chipwirikiti cha mu Januwale 1964 chitagwetsa ufumu, eni nyumba ambiri, Aluya ndi Amwenye, adaphedwa kapena kuthawa. Nyumba zawo zidagawidwa kwa mabanja ambirimbiri amene adalibe ndalama zozisamalira, madenga adayamba kudontha, ndipo mphuthu zidaola kuyambira patsinde, pomwe pali nsomba ndi mafunde paja. Zitseko zina zidazulidwa n'kugulitsidwa kunja. Boma lidakhazikitsa bungwe losamalira mzindawu m'ma 1980, UNESCO idaulemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2000, ndipo zitseko zakale zotsala zilipo mazana angapo; koma kugwa kwa mbali ina ya Beit al-Ajaib mu Disembala 2020 kudaonetsa kuti kulembedwa m'kaundula sikuletsa mvula.

Amisiri osema akadalipo, ndipo ntchito sikuwasowa, chifukwa mahotela ndi nyumba za alendo zimafuna zitseko zatsopano, ndipo alendo amagula timafelemu ta magalasi ndi timabokosi tozokotedwa. Vuto limene ndimaliona m'ntchito zambiri zatsopanozi si ulesi wa dzanja, koma kuiwala chifukwa chimene akale adachitira zimene adachita. Pofulumira, wosema amagoba mosaya. Pofuna kukondweretsa wogula amene amayesa mtengo wa chinthu ndi kuchuluka kwa maluwa, amazokota paliponse, ndi pa matabwa a zitseko zenizenizo pomwe. Nsomba, kakombo ndi unyolo amaziika posayenera, pomaliza n'kupaka vanishi wonyezimira amene amapha mthunzi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo akuluakulu a lusoli amene atsala ndi zitseko zakale zomwezo. Ndikadakhala ndi mawu kwa osamalira mzindawu, ndikadapempha kuti ndalama zokonzera nyumba zizikhala ndi gawo lolipira mmisiri wamkulu ndi ophunzira ake kuti azikonza mphuthu zoola pamalo pomwepo, chitseko chili chiimire pakhomo pake. Pakuti mnyamata amene wapatsidwa kuti alumikize chidutswa chatsopano pa mphuthu ya zaka 150, kufikira duwa lake lifanane ndi la pambali pake m'kuya ndi m'kuthwa komwe, sangachitire mwina koma kugoba monga adagobera mmisiri wake woyamba.