Nyimbo za m'Kanema wa Moana: Za Eni Ace Kapena za Alendo?

Ana ambiri a m'tauni ya Kafue sanaionepo nyanja ya mcere. Madzi akuru amene awadziwa ndiwo a mtsinje wao, umene upita pansi pa ulalo wa njanji ndi wa mseu wocokera ku Lusaka, ndipo ngalawa imene aidziwa ndi bwato wa msodzi, wosemedwa mu mtengo umodzi. Komabe mukachera khutu pa nyumba zimene ziri ndi wailesi ya kanema, kapena pamene ana aunjikana pa lamya ya m'manja ya mkuru wao, mudzamva nyimbo za mtsikana wa pa cisumbu ca kutali, dzina lace Moana. Popeza nyimbozi zinalowa kale m'nyumba zathu osaodira, kuyenera kuti tiziweruze monga tiweruza nyimbo iri yonse yobwera pabwalo: anaipeka ndani, ikuti ciani, ndipo mwini wace anapindulanji?

Moana ndi kanema wa zithunzi zojambula, wopangidwa ndi kampani ya Disney ku America m'caka ca 2016. Nkhani yace inatengedwa ku miyambo ya anthu a ku Polynesia, ndiwo eni zisumbu za m'nyanja yaikuru ya Pacific, monga Samoa, Tonga, Tahiti, Hawaii ndi New Zealand. Makolo a anthu amenewa anali amalinyero osaneneka. Ankaoloka nyanja masabata ambiri m'ngalawa za matanga, alibe cipangizo coonera njira, koma kuwerenga nyenyezi, mafunde ndi kauluke ka mbalame. M'kanemayu Moana, mwana wa mfumu, aona kuti nsomba zatha ndi mbeu zafota pa cisumbu cao, ndipo aswa lamulo la atate wace loletsa kupita kutali panyanja, nanka kukafuna Maui, ngwazi ya m'nthano zao, kuti akabweze mtima wobedwa wa mzimu wopatsa moyo.

Opeka atatu

Nyimbo za m'kanemayu zinapekedwa ndi amuna atatu, ndipo kudziwa za iwo ndiko kudziwa cifukwa cace nyimbozo sizimveka za mtundu umodzi. Woyamba ndi Lin-Manuel Miranda, wa ku New York, wodziwika ndi sewero loimba la Hamilton. Iye ndi katswiri wa kuluka mau a Cingerezi. Waciwiri ndi Mark Mancina, amene anagwirako nchito pa nyimbo za The Lion King m'caka ca 1994. Iye ndiye anakonza nyimbo zopanda mau za gulu lalikuru la zoliza za Cizungu. Wacitatu ndi Opetaia Foa'i, wobadwira ku Samoa, atate wace a ku Tokelau ndi amai wace a ku Tuvalu, amene anakulira ku New Zealand nayambitsa gulu loimba lochedwa Te Vaka, ndiko kunena bwato. Pa atatuwa, Foa'i yekha ndiye mwana wa m'mudzimo. Ndipo liu langa m'nkhani yino ndi ili: pamene Foa'i atsogolera, nyimbo ziri ndi fungo la kwao, pamene abwerera m'mbuyo, zikhala nyimbo zokoma za ku America zimene zikadaimbidwa ndi mtsikana wa dziko liri lonse.

Pamene nyimbo zikoma

Nyimbo yopambana zonse, monga ndiona ine, ndi We Know the Way. Iimbidwa pamene Moana alowa m'phanga napeza ngalawa zobisika za makolo ace. Aomba ng'oma, ndipo pomwepo aona m'masomphenya makolo aja ali panyanja. Nyimboyo iyamba ndi liu la Foa'i m'zinenero za ku Samoa ndi ku Tokelau, gulu nkumbvomera. Cingerezi cibwera pambuyo. Pansi pa mau pali ng'oma zao za mtengo wobowoledwa, zopanda cikopa, zimene azicha pate, zolira mouma ngati munsi pa mtondo wopanda cimanga.

Munthu wa kuno sasowa womumasulira nyimbo yotere. Mmodzi atsogolera, ambiri abvomera, ndipo kugunda kwa ng'oma kulingana ndi kugwa kwa nkhafi m'madzi. Ndi momwemo aimbira asodzi pokoka khoka, ndi amai posinja awiri pa mtondo umodzi, ndi opalasa Nalikwanda pa Kuomboka ku Mongu. Iyi ndi nyimbo ya nchito, ndipo mwini wace ndi "ife", si "ine". Ubwino wace wina ndi wakuti igwira nchito m'nkhani. Isanaimbidwe, Moana aganiza kuti kukonda kwace nyanja ndi kusamvera. Itatha, adziwa kuti ndi colowa ca makolo. Nthano zathu zicita cimodzimodzi: pamene mwana wotayidwa m'dzenje aimba, nyimbo yace ndiyo iulula cinsinsi, ndipo mukaicotsa nthano igwa.

Tiyamikenso kuti mau oyamba kumveka m'kanemayu si a Cingerezi. Zithunzi zisanayambe kweni kweni, Olivia Foa'i, mwana wace wa Opetaia, aimba m'cinenero ca ku Samoa kulonjera Tagaloa, amene makolo ao ankamucha mlengi. Ndiko kuodira pakhomo la eni, ndipo ndi ulemu woyenera. Gulu lobvomera m'malo ambiri ndi Pasifika Voices, la ku Suva m'dziko la Fiji, lotsogoleredwa ndi Igelese Ete. Mau a gulu limeneli ali ndi kulemera kwa anthu ozolowera kuimba pamodzi m'calici ndi pabwalo, kumene sikugulidwa ndi ndalama.

Nyimbo ya maliro pa cithunzi ca khanda

Pali nyimbo imodzi imene iyenera kuti tiimepo nthawi. Pamene Moana ali khanda, atsikira kugombe, apulumutsa kamwana ka kamba wa m'nyanja, ndipo madzi apatukana pamaso pace namseweretsa. Apa pamveka nyimbo yofatsa yochedwa An Innocent Warrior. Oonera ambiri aiyesa nyimbo yogonekera mwana. Koma ciyambi cace ndi misozi. M'mwezi wa March caka ca 2000, nyumba yogona atsikana pa sukulu ya Motufoua, pa cisumbu ca Vaitupu ku Tuvalu, inapsa usiku, ndipo atsikana 18 anafa pamodzi ndi mai wowayang'anira. Foa'i anapeka nyimbo yolira ana amenewa, naicha Loimata e Maligi. Ndiyo imene anaitenga, naipatsa mau atsopano, naiika m'kanema.

Kodi anacita bwino? Kwathu nyimbo ya pamaliro siimbidwa pa cikwati, ndipo mkuru akamva mwana aing'ung'udza pamasewera amdzudzula. Cotero munthu angathe kunena kuti cisoni ca Tuvalu cinagulitsidwa kuti cisangalatse ana a eni ndalama. Mlandu umenewu si wopepuka. Koma ine ndiweruza kuti nyimboyo iri pa malo ace, pa zifukwa ziwiri. Coyamba, woisuntha ndi mwini wace yemwe, mwana wa mai wa ku Tuvalu, osati mlendo wotola za pamanda. Caciwiri, cisoni ca nyimboyo sicinafafanizidwe. Ibweranso kumapeto, pamene Moana ayenda yekha pakati pa madzi opatukana kukakumana ndi cirombo ca moto, nazindikira kuti cirombo cimeneco ndiye mzimu uja wobedwa mtima. Pamenepo womva, ngakhale sadziwa za Motufoua, amva kuti iyi ndi nyimbo yotonthoza wobvulala. Madzi saiwala khwawa: nyimbo yobadwa m'misozi inabwerera ku misozi.

Pamene nyimbo ziperewera

Nyimbo imene inachuka koposa ndi How Far I'll Go, yopekedwa ndi Miranda ndi kuimbidwa ndi Auli'i Cravalho, mtsikana wa ku Hawaii. Inapata mphotho ya Grammy m'caka ca 2018. Palibe angakane kuti inalukidwa mwaluso: iyamba pansi, ngati munthu wodzilankhulira, nikwera pang'ono pang'ono kufikira mau atambasuka. Koma mukatseka maso, palibe ciri conse m'kamvekedwe kace conena kuti woimbayo ndi wa ku Polynesia. Akanema a Disney ali ndi cizolowezi cakuti mtsikana aime payekha naimbe za cimene mtima wace ufuna, ndipo nyimboyi itsata cizolowezi comweco. Ndi cobvala cosokedwa kale, cimene Moana anangobvekedwa.

Nyimbo ya Maui, You're Welcome, iseketsa. Maui achula nchito zace zochuka m'nthano, monga kukola dzuwa kuti usana utalike, kuwedza zisumbu ndi mbedza, ndi kutengera anthu moto, koma azichula modzitama ngati Kalulu pa bwalo la Njobvu. Ana aikonda. Koma kwa anthu ambiri a m'zisumbu Maui ndi kholo lolemekezeka, ndipo ena a iwo anadandaula poona ngwazi yao itasanduka woseketsa. Nyimbo ya nkhanu yaikuru, Shiny, inapekedwa motsanza David Bowie, woimba wa ku England. Ndi yanzeru, koma ikhala m'kanemayu monga mlendo wobvala suti pa dambwe.

Colakwa cacikuru ndi ca kagawidwe ka zinenero. Yang'anitsani: zinenero za eni zipatsidwa kwa makolo akufa, kwa nyanja, ndi kwa gulu loimba kumbuyo. Koma nthawi iri yonse pamene munthu wamoyo afuna kunena za kukhosi kwace kuti timve, aimba m'Cingerezi. Mwana woonera aphunzira mosadziwa kuti cinenero ca makolo ndi ca miyambo ndi zokometsera, ndipo Cingerezi ndico ca maganizo. Ife a ku Zambia ndi Malawi tidziwa bwino phunziro loipali, pakuti ambiri tinalimeza kusukulu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Eni ace anaona cimeneci, ndipo sanakhale manja lende. Kanemayu anamasuliridwa yense, ndi nyimbo zomwe, m'cinenero ca ku Tahiti. M'caka ca 2017 anaturuka m'cinenero ca Amaori a ku New Zealand, ndipo m'caka ca 2018 m'cinenero ca ku Hawaii, Cravalho yemwe akuimbanso m'cinenero ca makolo ace. Pamenepo mpamene Moana anayamba kudandaula ndi kukondwa m'mau a kwao.

Mwini wace anapindulanji?

Funso ili tilifunsa cifukwa Afirika ali ndi cipsera. M'caka ca 1939 Solomon Linda, Mzulu wa ku Johannesburg, anajambulitsa nyimbo yace yochedwa Mbube. Nyimboyo inaoloka nyanja, inasinthidwa mau ku America, nikhala imodzi ya nyimbo zodziwika pa dziko lonse, ndipo inamvekanso m'kanema wa The Lion King. Linda anafa wosauka m'caka ca 1962, ndipo ana ace anapata cigwirizano ca malipiro m'caka ca 2006, atapita kubwalo la milandu. Polinganiza ndi zimenezi, Moana anacita bwino kopambana: dzina la Foa'i linalembedwa pamodzi ndi a anzace awiri monga wopeka, mau ace ndi a ana a kwao amveka, ndipo anaitanidwanso pa kanema waciwiri wa caka ca 2024. Komabe mwini kanema ndi Disney, ndipo liu lotsiriza pa ciri conse linali la kampaniyo. Foa'i anali mlendo wolemekezeka m'nyumba yomangidwa ndi udzu wa kwao.

Phunziro kwa ife

Wina angati, zimenezi zitikhudza bwanji ife okhala m'mbali mwa Kafue? Zitikhudza cifukwa nthawi yathu inafika kale. M'caka ca 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4, nkhani ya zithunzi zojambula ya atsikana anai a mu Lusaka wa m'tsogolo, yoyambitsidwa ndi Mzambia, Malenga Mulendema, ndipo nyimbo yotsegulira inaimbidwa ndi Sampa the Great, wobadwira ku Ndola. Apa tinapambana a ku Polynesia pa cinthu cimodzi, pakuti mwini nkhani ndi wathu. Koma atsikanawo alankhula Cingerezi makamaka, ndipo funso lija la zinenero litidikira ifenso.

Inu amene mwatsiriza sukulu, mudziwa kulemba ndipo muli ndi lamya zojambula mau, zimene Alick Nkhata analibe pamene ankasonkhanitsa ndi kuimba nyimbo za mitundu yathu pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950. Pitani kudooko kwa asodzi, khalani pansi ndi agogo anu. Lembani nyimbo, dzina la woimba, mudzi wace, nthawi imene iimbidwa ndi imene siimbidwa. Mukapeka yanu, ilembetseni ku ZAMCOPS, bungwe losunga umwini wa nyimbo m'Zambia, musanaipereke kwa munthu. Foa'i anatha kukhala pa mphasa imodzi ndi akatswiri a ku America cifukwa anali atatha zaka zambiri akuimba m'zinenero za kwao. Tsiku limene opanga kanema adzafika pa mtsinje wathu kudzafuna nyimbo za opalasa bwato, adzatenga kwa amene adzampeza wokonzeka. Ndipo ngati sadzapeza munthu, adzapeka zao, nazicha zathu.