Dzina la Munthu pa Ndalama ya Golide

Akulu a kuno ku Lundazi amakumbukabe kobiri la ciboo pakati, limene anthu ankalitunga pa cingwe m'masiku a Federeshoni. Pamene Kwacha ndi ngwee zinafika mu 1968, makobiri aja anasanduka zoseweretsa za ana. Koma kutsidya kwa nyanja kuli anthu osonkhanitsa ndalama zakale, ndipo zina mwa zimene amazilimbirana ndizo za golide zosulidwa ndi anthu wamba, osati ndi Boma. Tiyeni tiuweruze mwambo umenewu.

Poyamba tifunse cimene cinabala ndalama zotere. Ku North Carolina, m'dziko la Amereka, anthu ankakumba golide, koma nyumba ya Boma yosulira ndalama inali kutali ku Philadelphia. Tsono mu 1831 Mjeremani wina, Christopher Bechtler, anayamba kulandira golide wa okumbawo, namsula ndalama zolembedwa dzina lace. Pofika 1840 anali atasula zoposa madola 2,000,000. Anthu anazilandira popanda lamulo lowakakamiza, cifukwa golide wa Bechtler anali wokwanira monga mwa malemba a pa ndalamayo. Si onse anatero ai. Ndalama zimene Amormoni anasula ku Salt Lake City mu 1849 zinapezeka zoperewera, ndipo amalonda anazitsitsa mtengo: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1864 Boma la Amereka linaletsa anthu wamba kusula ndalama.

Wosonkhanitsa amene asunga ndalama yotere kuti aphunzire mbiri imeneyi ayenera kutamandidwa, pakuti akadapanda iye, zambiri zikadasungunulidwa. Koma pali cina cimene sindicibvomereza. Mu Januwale 2021 ndalama imodzi yosulidwa mu 1787 ndi Ephraim Brasher, wosula golide wa ku New York, inagulidwa ndi madola 9,360,000. Golide wace sakwana ngakhale cikhatho ca mwana. Mtengo wotere subwera cifukwa ca luso la Brasher kapena kukhulupirika kwace, koma cifukwa ndalamazo zatsala zowerengeka. Ogula ambiri amazitsekera m'bokosi la citsulo kudikira kuti mtengo ukwere, ndipo cinthu cimene cinasulidwa kuti ciziyenda m'manja mwa anthu sicionekanso.

Nafenso tili nazo zathu. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, mu 1960 kunafukulidwa manda okhala ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa, imene akale ankacita nayo malonda. Zotere malo ace ndi nyumba yosungiramo zakale monga ya ku Livingstone, kumene mwana wa sukulu angazione ndi maso ace.

Cotero inu amene mwatsiriza sukulu, mukapeza kobiri lakale m'thumba la agogo, musathamangire kufunsa mtengo wace. Afunseni agogowo kumene analigwirira nchito, ndi cimene linkagula. Mukalemba mayankho ao, mwasunga coposa cimene ali naco mwini bokosi la citsulo uja.