Nkhondo ya pa Kanema ndi Nkhondo ya Tengatenga

Tsiku lina, pa nthawi yopuma, tinaima pakhomo pa sukulu ndi kupenyerera masewero a ana athu. Anyamata atatu anagona cafufumimba paculu, yense ali ndi phesi la cimanga m'manja, diso limodzi lotsinzina. Ndipo anzao analikuyendayenda pabwalo monga anthu osadziwa kanthu. Wa paculu akati "phuu!", mmodzi wa pabwalo anayenera kugwa. Posacedwa panauka mkangano, pakuti onse anafuna kukwera paculu, ndipo panalibe wofuna kukhala wakugwa. Titawafunsa dzina la masewerowo, anati, "Aphunzitsi, ndi sinaipa," ndiye msilikari wolasa adani ali cibisalire, ndi mfuti ya kagalasi koonera patali. Anamuona m'nyumba za vidiyo pa Mponela ndi pa Madisi, ndi m'mafoni a akuru ao, mmene zithunzi za nkhondo zimveka m'cinenero cathu, popeza alipo anyamata amene nchito yao ndiyo kumasulira mau a Azungu ndi kuthirako nthabwala zao.

Sitifuna kutsutsa cinthu cimene sitinacione. Cifukwa cace tinakhala pansi ndi kuonerera zithunzi zitatu zochuka za mtundu uwu. Tibvomereze poyamba kuti anazikonza ndi luso lalikuru, ndipo mtima wa munthu ugunda poziona. Mlandu wathu ndi uwu, kuti zitikhazika ife openyerera kuseri kwa mfuti, ndi kusandutsa nkhondo ya anthu zikwizikwi ikhale mpikisano wa amuna awiri. Tiyeni tiyese ngati mbiri ibvomerezana nazo.

Coyamba ndico Enemy at the Gates, ca caka ca 2001, conena za nkhondo ya pa Stalingrad m'dziko la Russia, imene Ajeremani anaiyamba mu August 1942, nagonja pa 2 February 1943. Ngwazi yace ndiye Vasily Zaitsev, munthu weniweni, amene anaphunzira kusaka nyama ali mwana ku mapiri a Ural, ndipo a kwao anawerenga kuti anapha adani 225 mumzindamo. Cithunzico cionetsa bwino nyumba zogumuka, ndi mantha a anyamata pooloka mtsinje wa Volga ndege zili kuwaombera. Koma posacedwa cisiya khamu lonselo ndi kutsata amuna awiri okha, Zaitsev ndi Mjeremani wochedwa Major König, akusakana m'mabwinja masiku ambiri monga alenje awiri a nyalugwe. Zaitsev mwini anasimbadi za kulimbana kwace ndi katswiri wa Ajeremani. Koma ofufuza mbiri, monga Antony Beevor amene analemba buku la nkhondoyi mu 1998, sanapeze umboni wa mpikisanowo, ndipo m'makalata a asilikari a Germany dzina la katswiriyo silipezeka.

Nanga cimene cinathetsa nkhondo ya pa Stalingrad nciani? Mu November 1942 magulu a Russia anazinga Ajeremani ndi kuwatsekera njira ya cakudya. Ndipo njala, cisanu, nthenda ndi mizinga zinawatha pang'onopang'ono. Ogwidwa pomariza anali ngati 91,000, ndipo mwa iwo obwerera kwao sanapose 6,000. Taonani tsono: nkhondo imene inathera pa njala ndi cisanu, kanema aithera pa cipolopolo cimodzi. Atero pakuti njala icedwa kupha, ndipo ilibe nkhope yoti openyerera aide.

Caciwiri ndico American Sniper, ca caka ca 2014, cimene anacikonza Clint Eastwood, conena za Chris Kyle, msilikari wa ku America amene anapita ku Iraq kanai, ndipo amati anapha anthu 160. Pano tiyamike cimodzi: cithunzici sicibisa kuti munthuyo anabwera kwao wosapeza mtendere, nakhala pakati pa mkazi ndi ana ace monga mlendo. Kyle anaphedwa ku Texas mu February 2013 ndi msilikari mnzace wobvutika mutu, amene iye analikuyesa kumthandiza. Komatu opanga cithunzi anabwerezanso njira ija ya amuna awiri. Anakuza katswiri wa adani, dzina lace Mustafa, namsunga kufikira pomariza kuti Kyle amlase ali patali ndithu. Pamene m'buku lace Kyle anachula munthuyo m'mau owerengeka okha, nanena kuti sanamuone konse. Anthu a ku Iraq ndiwo eni dziko, koma m'cithunzimo ambiri a iwo tiwaona kupyolera m'kagalasi, pamtanda pa mizere iwiri, ndipo tingofunsa cimodzi: kodi alaswe, kapena alekedwe?

Apa ndipo pali mphamvu ya zithunzizi. Kanema alowetsa diso lathu m'kagalasi ka mfuti. Phokoso lonse litonthola, timva kupuma kwa wolasayo, ndipo ifenso tigwira mpweya pamodzi naye. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kwa munthu wobisalayo kutikopa, kufikira tikhumba kuti cipolopolo cisaphonye. Uja wa kutsidya agwa wopanda mau, wamng'ono ngati nyerere. Sitimva kubuula kwace, sitiona amace, sitipita ku maliro ace. Mwana akaona izi kawirikawiri aphunzira kuti kupha ndi nchito yaudongo ya munthu wocenjera, ndi kuti wakufayo anafa cifukwa ca kupusa.

Cacitatu, Saving Private Ryan, ca caka ca 1998, cipambana zinzace poonetsa coonadi, makamaka poyamba pace, pamene asilikari atsika pa gombe la Normandy pa 6 June 1944, ndipo imfa siisankha wolimba mtima kapena wamantha. Koma m'menemonso muli wolasa patali, Jackson, amene achula mau a m'Masalmo pamene alunjika mfuti, ndipo zipolopolo zace zigwera pomwepo monga ngati pemphero layankhidwa. Inde pomariza afera pa nsanja ya chalichi. Koma cotsalira m'mitima ya anyamata ndi pemphero lija ndi kulasa kuja. Ife owerenga Malembo tikumbuke kuti Davide, mwini Masalmo ambiri, sanaloledwa kumanga Kacisi, cifukwa anakhetsa mwazi wambiri.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti nkhondo si nthano ya kutali kwa ife. Mapiri awa a Dowa ndi Ntchisi anali pothawira. Masiku a nkhondo za Angoni, Acewa anamanga malinga ndi kukwera m'mapiri, ndipo nkhalango ya pa phiri la Ntchisi inabisa anthu ambiri. Amishoni pofika pa Mvera, m'dziko la Chiwere, caka ca 1889, anapeza mantha amenewo asanathe. Ife a lero ndife zidzukulu za othawa ndi za othamangitsa pamodzi, ndipo tikhala pa benchi limodzi. Agogo athu posimba za masikuwo ananena za kutseka pakamwa pa khanda kuti lisalire, za kulima mwakuba, ndi za kutunga madzi usiku. Nkhondo anaiona ali kutsogolo kwa mkondo, kumene kanema satikhazikako.

Pambuyo pace inadza nkhondo ya 1914, imene akuru anaicha nkhondo ya Ciwaya, potsata dzina la mfuti ija yolabvula zipolopolo kosalekeza. Ajeremani ndi asilikari a King's African Rifles anakomana pa Karonga pa 9 September 1914, ndipo kuyambira 1916 magulu a General Northey analowa m'dziko limene lero ndi Tanzania, kulondola Lettow-Vorbeck, amene anatula zida pa Abercorn, ndiwo Mbala wa ku Zambia, pa 25 November 1918. Dziko lathu linapereka asilikari pafupifupi 19,000. Koma amtengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, anali pafupifupi 200,000. Pa msilikari mmodzi wogwira mfuti panali amuna ngati khumi osenza katundu. Ambiri anatengedwa mokakamiza. Ena anathawira kuchire, ndipo m'midzi ina anagwira akazi kufikira amuna ao atadzipereka. Anayenda miyezi, katundu wa mapaundi 50 kapena 60 ali pamutu, m'mvula ndi m'mapiri ozizira, wopanda cofunda cokwanira. Ndipo kamwazi, malungo, cifuwa ndi njala zinapha anthu ocuruka koposa ophedwa ndi mfuti. Otsala pobwera kwao anakomana ndi mliri wa fuluwenza wa 1918. John Chilembwe anaona ciyambi cace ca izi, nalemba kalata ku Nyasaland Times mu November 1914, kudandaula kuti osauka a dziko lino alikufera mlandu wosati wao.

Kodi m'nkhondo imeneyo munalibe wolasa ali cibisalire? Analimo ndithu. Pa 4 January 1917, pa Beho Beho pafupi ndi mtsinje wa Rufiji, Frederick Selous, mlenje wochuka wa njobvu, wa zaka 65, analaswa ndi munthu wobisala wa mbali ya Ajeremani. Mabuku asimba imfa yace, ndipo nkhalango yaikuru ya nyama inachedwa dzina lace. Koma nkhondo sinatembenuke cifukwa ca cipolopolo cimeneco. Inapitirira miyezi 22 ina, ndipo amene anaisenza ndiwo aja opanda maina m'mabuku, amene manda ao ali m'mbali mwa njira. Wokonza kanema akadza kudzafuna nkhani ya nkhondoyi, tidziwa kuti adzayamba ndi Selous ndi womlasayo. Ife tikadampempha ayambe ndi mwamuna wa ku Dowa, wocoka m'mudzi cimanga cisanace, amene mkazi wace sanauzidwe konse kumene anagwera.

Ndipo taonani cimene obwera ku nkhondo anasankha kuonetsa kwao. Gule wa mganda, amene abvinidwa kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, anacokera ku perete wa asilikari: mizere yoongoka, zobvala zoyera, ng'oma yaikuru, malipenga a zikho, ndi maudindo onga a ku nkhondo. Mpingo uli ndi mau ace pa za magule, ndipo sitiwatsegula pano. Tingoti m'mganda mulibe wobisala paculu, mulibenso wakugwa. Anthu amene anaona nkhondo ndi maso ao anatengako kuponda pamodzi ndi kumvera ng'oma imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga; za kupha anazisiya komweko. Momwemonso aja anapita ku Abyssinia mu 1941 ndi ku Burma mu 1944, ambiri a iwo amene tinawapeza ali okalamba anakonda kusimba za nyanja yaikuru, za matope ndi za mvula yosakata. Tikawafunsa za anthu amene anawalasa, anayang'ana pansi.

Ngati ana athu afuna ngwazi, tili nayo yosapeka. Mu November 2018, pafupi ndi Beni m'dziko la Congo, asilikari a Malawi osungitsa mtendere anagwa m'nkhondo yoopsa, ndipo 6 a iwo anafa. Mmodzi, Private Chancy Chitete, ataona msilikari wa ku Tanzania ali gone wolaswa poyera, anacoka pobisala pace, namkokera pabwino. Ndipo alikumthandiza, iye mwini analaswa, nafa, koma mnzaceyo anapulumuka. Mu May 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lace mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ya kulimba mtima kopambana. Ngwazi ya pa kanema ichuka pakubisala bwino ndi kuwerenga amene inawapha. Uyu anaturuka poyera cifukwa ca munthu mmodzi wa mtundu wina. Ndiponso pa Dzaleka, m'boma lathu lomwe lino, kuyambira 1994 pakhala anthu othawa nkhondo za ku Rwanda, Burundi ndi Congo, amene tigulana nao malonda. Iwo adziwa kukhala kutsogolo kwa mfuti, ndipo caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Sitinena kuti muwaletse ana kuonera, pakuti coletsedwa cikoma koposa, ndipo foni ilowa m'nyumba yosagogoda. Koma inu makolo ndi aphunzitsi anzathu, khalani nao pansi tsiku lina, ndipo uja wa kutsidya akagwa, imitsani cithunzi ndi kufunsa: munthu uyu dzina lace ndani, ndipo adzauza amace ndani? Funsaninso amene anasenza cakudya ca wolasayo kufikira pamene wagonapo. Pamenepo muwauze dzina la kholo lao limene linapita ku tengatenga, ngati likumbukikabe m'banja mwanu. Ndipo mulilembe m'kati mwa cikuto ca buku, pakuti okalamba odziwa mainawo alikutha.

Ife m'mawa mwace tinaitana anyamata aja a paculu, ndi kuwasenzetsa yense thumba la mcenga, azungulire bwalo kasanu, ndipo tinawasimbira za Karonga ndi za njira ya ku Songea. Pomariza mmodzi, alikupuma wefuwefu, anafunsa cifukwa cace za amtengatenga sizioneka pa vidiyo. Tinamuuza kuti wozilemba sanapezeke, ndi kuti alimbike sukulu.